M'mera Mpoyamba

Munthu akadina batani loyatsira kompyuta kapena foni, pamapita kamphindi chipangizocho chisanayambe kugwira ntchito. Sikirini imayamba yachita mdima, kenaka pamaoneka dzina la kampani imene inapanga chipangizocho, ndipo pambuyo pake m'pamene pamabwera zithunzi ndi malemba amene tinawazolowera. Ambiri a ife timaiona nthawi imeneyi ngati yongotaya. Ena amayamba acheza kaye ndi anzawo, ena amagogoda tebulo ndi zala posonyeza kutopa nako kudikira. Komatu m'kamphindi kameneka ndi m'mene mumachitika ntchito yaikulu koposa, pakuti ikalephereka imeneyi palibenso china chimene chingatheke. Makolo athu anati m'mera mpoyamba. Iwo ankanena za chimanga ndi za kulera ana, koma mwambiwu ukukhudzanso makina a masiku ano.

Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Uphunzitsi ndinauphunzira ku koleji ya Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene zida zathu zinali choko, bolodi ndi dasitala. Ndaphunzitsa m'sukulu za m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kwa zaka zoposa 30, ndipo tsopano ndikukhala kwathu ku Chezi, m'mphepete mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima. Za makompyuta ndazidziwira kuukulu, pofunsa achinyamata ndi powerenga. Pa zonse zimene ndaphunzira, chimodzi ndicho chandikhala pamtima: mwini weniweni wa makina ndi munthu amene akudziwa m'mene makinawo amadzukira, amene angathe kuwadzutsanso akagwa, ndiponso amene akusunga kiyi wake. Wina aliyense ndi wobwereka chabe, ngakhale atakhala kuti ndiye anatulutsa ndalama pogula.

Tiyeni tiyambe taona vuto limene akatswiri oyamba anakumana nalo. Kompyuta ili ndi malo awiri osungiramo zinthu. Malo oyamba tingawayerekeze ndi bolodi la m'kalasi. Chilichonse chimene kompyuta ikugwirapo ntchito pa nthawi imeneyo chimalembedwa pamenepa, koma magetsi akangozima zonse zimafufutika, monga m'mene mwana wapantchito amafufutira bolodi poweruka. Malo achiwiri ndi diski, imene tingaiyerekeze ndi kabati ya mabuku. Zimene zili m'menemo sizifufutika ngakhale magetsi atazima chaka chathunthu. Tsono ubongo wa kompyuta umangotsata malangizo amene ali pabolodi basi. Pamene tikuiyatsa, bolodilo limakhala lopanda kanthu. Malangizo onse, kuphatikizapo aja ofotokoza katsegulidwe ka kabati, amakhala ali m'kabati momwemo. Kodi kabati yoti kiyi wake watsekeredwa m'kati ungaitsegule bwanji?

Azungu kudzuka kwa kompyuta amakutcha boot, ndipo dzinali linachokera ku nthabwala yawo ya munthu wofuna kudzinyamula yekha m'mwamba pokoka zingwe za nsapato zake zomwe. Pa makina ambiri a zaka za m'ma 1960 ndi 1970, munthu ndiye ankathetsa vutoli ndi manja. Iye ankakweza ndi kutsitsa timaswitchi ta kutsogolo kwa makinawo polowetsa malangizo oyambirira limodzi limodzi, ndipo akaphonya pamodzi ankayambiranso. Pambuyo pake njira ina inafala. Kodi munaonapo bolodi limene aphunzitsi anajambulapo mizere ndi penti kuti ana aziphunzirirapo kulemba? Dasitala amafufuta choko, koma mizere ija imatsala. Akatswiri anachita chimodzimodzi. Anaika malangizo oyambirirawo m'kachipangizo kakang'ono kamene sikaiwala magetsi akazima, nakamatirira pabolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Pulogalamu yotere imatchedwa firmware, dzina limene linayamba kumveka m'chaka cha 1967.

Firmware yotchuka koposa ndi BIOS. Dzinali analiyambitsa ndi Gary Kildall wa ku America m'chaka cha 1975, ndipo linafala dziko lonse pamene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya patebulo mu Ogasiti 1981. Ntchito ya BIOS imandikumbutsa mphunzitsi wapantchito m'mawa. Iye ndiye amafika moyambirira, naliza belu, naitana mayina. BIOS nayo imaitana ziwalo za kompyuta chimodzichimodzi: kodi malo okumbukira alipo? Nanga kiyibodi? Nanga sikirini ndi diski? Zonse zikavomera, makina ambiri akale ankalira kamodzi kuti "pii!" Chiwalo china chikapanda kuyankha, ankalira kangapo motsatizana, ndipo mmisiri wodziwa ankazindikira chimene chavuta pongomva kaliridweko. Kuitana mayina kukatha, BIOS imawerenga kachigawo koyamba ka diski, kamene n'kokwana zilembo 512 zokha. M'kachigawo kameneka mumakhala malangizo odzutsira pulogalamu yaikulu, monga Windows. Apo BIOS imapereka udindo, monga m'mene mphunzitsi wapantchito amasiyira ana m'manja mwa aphunzitsi a m'makalasi.

Kapulogalamu kameneka kanasintha malonda a dziko lonse. Ziwalo zambiri za kompyuta ya IBM munthu aliyense akanatha kuzigula kwa amene ankazipanga, koma BIOS inali ya IBM yokha, ndipo malamulo sankalola kuikopera. Makampani ena anapeza nzeru. Gulu limodzi la akatswiri linkaphunzira BIOS ya IBM n'kulemba ndondomeko ya ntchito zimene imagwira. Gulu lachiwiri, limene linali lisanaionepo n'komwe, linkatenga ndondomekoyo n'kulemba BIOS yatsopano yogwira ntchito zomwezo. Kampani ya Compaq inayamba kugulitsa kompyuta yofanana ndi ya IBM m'chaka cha 1983, ndipo m'chaka cha 1984 kampani ya Phoenix inayamba kugulitsa BIOS yake kwa aliyense wofuna kupanga makompyuta. Opanga anachuluka, mitengo inatsika, ndipo patapita zaka makina amenewa anafika ngakhale kumapiri kwathu kuno. Amene anamvetsa chiyambi ndiwo anatsegulira ena onse khomo.

Ine ndinakumana ndi BIOS maso ndi maso pasukulu ina ya sekondale yoyendera, kumene ndinatumizidwa pamodzi ndi aphunzitsi ena ochokera ku pulayimale. Anthu ena akufuna kwabwino anatipatsa makompyuta 10 amene anali atagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Tsiku limene anafika kunali chimwemwe chodzaza tsaya, ndipo makolo anaumba njerwa zokonzera chipinda chake. Koma titawayatsa, 4 okha ndiwo anadzuka bwinobwino. Ena 3 ankaima panjira n'kulemba uthenga wa m'Chingerezi wodandaula za tsiku ndi nthawi. Otsalawo ankafuna mawu achinsinsi, amene achinyamata amati pasiwedi, asanaonetse china chilichonse. Panalibe aliyense pakati pathu amene anaphunzitsidwapo za zimenezi, choncho makina 6 aja anafunditsidwa zitenje n'kuikidwa m'chipinda chosungiramo katundu. Ana 60 ankapanikizana pa makompyuta 4, ndipo ambiri ankamaliza teremu asanakhudzeko kiyibodi. M'mudzi munayamba kumveka manong'onong'o akuti atipatsa zakufa.

Patapita miyezi, mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku pulayimale, amene tsopano anali kukonza mafoni ndi makompyuta ku Lilongwe, anabwera kudzaona makolo ake. Nditamufotokozera, anapempha sikuludiraiva. Atatsegula kompyuta yoyamba anatulutsamo kabatire kofanana ndi ndalama yachitsulo.

"Aphunzitsi, makinawa sanafe ayi," iye anatero. "Angoiwala tsiku. Kabatire aka ndiko kamayendetsa wotchi yam'kati ndi kusunga zimene BIOS inauzidwa. Katha mphamvu basi."

"Nanga awa ofuna pasiwediwa, mwana wanga?"

"Amenewa eni ake akale anawakhoma kuti antchito asamasinthe zinthu, ndiye potumiza kuno anaiwala kuchotsa loko. Poti ndi akale, pali kapulagi pabolodi kamene ndikakasuntha aiwala pasiwediyo. Koma mudziwe kuti malaputopu ambiri atsopano satheka choncho. Amenewo popanda mwini wake kapena kampani imene inawapanga, ndi ntchito yaikulu."

Dzuwa lisanalowe makompyuta onse 10 anali akugwira ntchito. Ndalama imene tinaononga inali ya timabatire 3 basi. Ana anataya miyezi yambiri ya maphunziro, osati kaamba ka kusowa kwa makina, koma kaamba ka kusowa kwa munthu wodziwa m'mene makinawo amadzukira.

Tsono chinthu chikakhala chofunika chotere, adani nawonso amachidziwa. Amene wadzuka moyamba ndiye amalamula onse obwera pambuyo, choncho anthu olemba mapulogalamu oononga, amene timawatcha mavairasi, akhala akulimbirana malo oyambawo kuyambira kale. M'chaka cha 1986 anyamata awiri apachibale a ku Lahore m'dziko la Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, analemba vairasi yotchedwa Brain. Iyo inkabisala m'kachigawo koyamba kaja ka madiski oyenda nawo, kotero kuti inkadzuka pulogalamu yaikulu isanadzuke. Komabe BIOS yeniyeniyo inali yotetezeka, pakuti inali yolembedwa ndi penti uja wosafufutika.

Zinthu zinasintha pamene Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba ku Japan anatulukira, m'zaka za m'ma 1980, tizipangizo totchedwa flash. Timeneti sitiiwala magetsi akazima, koma tingathe kufufutidwa ndi kulembedwanso. M'zaka za m'ma 1990 opanga makompyuta anayamba kusunga BIOS m'timeneti kuti ikapezeka ndi cholakwika azitha kuikonza popanda kusintha chitsulo. Inali nzeru yabwino, koma walira mvula walira matope. Chimene mwini wake angathe kulemba, mdani nayenso angathe kufufuta. M'chaka cha 1998 wophunzira wina wa ku Taiwan, Chen Ing-hau, analemba vairasi yotchedwa CIH. Iyo inafala mwakachetechete n'kudikira tsiku lake. Pa 26 Epulo 1999 inadzuka m'makompyuta ochuluka zedi, makamaka m'mayiko a ku Asia. Inafufuta chigawo choyamba cha diski, ndipo pa makina ena inaononganso BIOS. Makina oterowo sankathanso ngakhale kulira. Ankangokhala duu, kufikira mmisiri atachotsa kachipangizo kaja n'kukalembanso kapena kuikapo kena.

Apa m'pamene panakula nzeru za kudzutsanso makina akagwa, ndipo nzeru zake si zachilendo kwa mwana wa mlimi. Amayi anga akakolola ankasankha ngala zonenepa za chimanga n'kuzipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Chimenecho sichinali chakudya. Chinali mbewu, ndipo ngakhale nkhokwe itapepuka bwanji palibe ankaloledwa kuchikhudza. Mbewu ina ankakaisungitsa kwa achemwali awo kumudzi wina, poopa moto ndi mbava. Amene tinaona njala ya 2002 tikudziwa kuti banja limene linadya mbewu linavutika zaka ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Opanga makompyuta anatsata njira yomweyi. Poyamba anapatula kachigawo kochepa ka BIOS kamene sikafufutidwa pokonza. Mbali ina yonse ikaonongeka, kachigawoka kamatha kuwerenga BIOS yatsopano kuchokera pa diski n'kuilembanso. M'chaka cha 1999 kampani ya Gigabyte ya ku Taiwan inayamba kugulitsa mabolodi okhala ndi tizipangizo tiwiri ta BIOS, koyamba kogwira ntchito, kachiwiri kongodikira. Koyamba kakaonongeka, kachiwiri kamakadzazanso. Kuyambira m'chaka cha 2016 mafoni ambiri a Android amachitanso chimodzimodzi. Pulogalamu yatsopano ikabwera imalembedwa mbali ina, yakale ili chikhalire, ndipo yatsopanoyo ikakanika kudzuka foni imabwerera ku yakale.

Kwa ife Amalawi nzeru imeneyi ndi yofunika koposa, chifukwa nthawi yoopsa kwambiri pa moyo wa chipangizo ndi pamene firmware yakale yafufutidwa koma yatsopano isanamalize kulembedwa. Magetsi akazima pa nthawi imeneyo, chipangizo chopanda mbewu yapadera chimasanduka njerwa. Tonse tikukumbukira m'mene magetsi anavutira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Anyamata okonza mafoni m'misika yathu, amene ntchito yolembanso pulogalamu ya foni amaitcha kuflasha, amadziwa bwino zimenezi. Wanzeru safulumira kuflasha foni ya batire lofooka, ndipo amayamba wafunsa mwini wake ngati zithunzi ndi manambala ake anazisunga pena.

Kudzutsanso makina ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi kuletsa mdani kuti asalowe n'komwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Intel inayamba kukonza cholowa m'malo mwa BIOS, ndipo m'chaka cha 2005 makampani angapo anagwirizana kuti ayendetsere limodzi ntchitoyi pa dzina lakuti UEFI. M'menemo munadzabadwa njira yotchedwa Secure Boot, imene inafala ndi Windows 8 m'chaka cha 2012. Inu amene mukukonzekera mayeso a Fomu 4 muimvetsa msanga. Mapepala a mayeso amabwera m'maenvulopu omata, ndipo woyang'anira amayamba waonetsa olemba mayesowo kuti envulopu sinatsegulidwe. Secure Boot nayo imayang'ana chidindo. Firmware isanapereke udindo kwa pulogalamu yotsatira, imaona ngati pulogalamuyo ili ndi siginecha ya wopanga wodziwika, ndiponso ngati sinasinthidwe chisainire. Yotsatirayo nayo imayesa inzake, mpaka kompyuta yonse itadzuka. Palinso kachipangizo kotchedwa TPM, kamene kamalemba kaundula wa zonse zimene zadzuka. Diski ikakhala yokhoma, TPM imatulutsa kiyi pokhapokha kaundula wa lero akafanana ndi wa masiku onse. Mbala ikazula diski n'kukaiika m'kompyuta ina, imangopezamo zilembo zopanda tanthauzo.

Komabe chidindo chimalimba malinga ndi kukhulupirika kwa ochisunga. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala ena anali atabedwa, ndipo ophunzira analembanso mu Januwale 2021. Vuto silinali envulopu koma anthu. M'makompyuta zoterezi zimachitikanso. M'chaka cha 2018 akatswiri a kampani ya ESET anapeza vairasi yotchedwa LoJax itabisala mu UEFI mwenimwenimo, moti ngakhale munthu atasintha diski yonse iyo inkadzukanso. M'chaka cha 2024 akatswiri a kampani ya Binarly anapeza kuti makompyuta a mitundu yambirimbiri anagulitsidwa ali ndi makiyi ongoyesera, amene sankayenera kutuluka m'fakitale, ndipo mmodzi mwa makiyiwo anali ataululika kale pa intaneti. Mpikisano wa wosula loko ndi wothyola loko sutha.

Pali chinanso chimene tiyenera kuchilingalira mofatsa. Loko sadziwa nkhope. Amene amatsekereza mbala kunja ndi yemweyo amatsekereza mwini nyumba akataya kiyi. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya CrowdStrike, imene ntchito yake ndi kuteteza makompyuta, inatumiza kwa makasitomala ake kafayilo kolakwika. Malinga ndi kampani ya Microsoft, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa n'kumakanika kudzuka. Ndege zambiri sizinanyamuke, ndipo ntchito m'zipatala ndi m'mabanki ena inaima. Panalibe mbala, mlonda yemwe ndiye anapunthwa. Pokonza, m'malo ambiri munthu ankayenera kupita pa kompyuta iliyonse, kuidzutsa m'njira yapadera ndi kuchotsa kafayilo kaja. Kumene madiski anali okhoma pankafunikanso kiyi wapadera wa manambala 48. Amene anasunga makiyi awo pabwino anadzuka msanga, koma amene anawasunga m'makompyuta omwe anagwawo anaona zakuda.

Zoterezi zikuchitikanso kwathu kuno, ngakhale sizilembedwa m'nyuzipepala. Kuyambira m'chaka cha 2015 mafoni a Android ali ndi chitetezo chakuti foni ikafufutidwa mokakamiza imafuna akaunti ya mwini wake wakale isanatseguke. Cholinga chake n'chabwino, pakuti chimagwetsa mphwayi akuba. Koma anzanga angati opuma pantchito amene akaunti yawo anawatsegulira ndi mnyamata wa pamsika, ndipo pasiwedi yake sanailembe paliponse? Ndikudziwa mayi wina wamasiye amene foni ya malemu amuna ake ili m'chikwama mpaka lero. M'menemo muli zithunzi za banja ndi manambala a anthu amene anali ndi ngongole kwa malemuwo, koma kiyi anapita naye kumanda.

Funso la kiyi likukhudzanso sukulu zathu. Windows 11, imene inatuluka m'chaka cha 2021, imafuna kompyuta yokhala ndi TPM ya mtundu watsopano, ndipo chithandizo cha masiku onse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Makina ambiri amphamvu zawo ndithu akuchotsedwa m'maofesi a mayiko olemera pa chifukwa chimenechi, ndipo ena mwa iwo ndi amene amatipeza ife ngati mphatso kapena kaunjika. Kodi tiwataye? Iyayi. Munthu wodziwa kulowa mu firmware ndi kusintha dongosolo la kadzukidwe angathe kuikamo Linux, pulogalamu yaulere imene imayenda bwino pa makina akale. Palinso firmware yotchedwa coreboot, imene inayambira ku Los Alamos ku America m'chaka cha 1999, yomwe aliyense ali ndi ufulu woiwerenga ndi kuisintha. Makompyuta a Chromebook amadzuka ndi imeneyi.

Dziko lathu lalawapo kale kuwawa kwa kutsekeredwa kunja kwa makina ake omwe. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera inaima kwa masabata angapo. Mu Febuluwale chaka chomwecho Dr Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo ankafuna dipo, koma boma silipereka. Panali mtsutso waukulu pa chimene chinayambitsa vutoli, koma amene anavutika ndi odziwika: odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira amene anapeza malo m'mayunivesite a mayiko ena, amalonda ndi ofuna ntchito. Lamulo loona za chitetezo cha pa makompyuta tili nalo chiyambire 2016, koma lamulo limalanga wolakwa, silidzutsa makina. Odzutsa makina ndi anthu ophunzira, amene anasunga mbewu padera ndipo makiyi ali m'manja mwawo.

Tsono inu ophunzira, mawu anga ndi awa. Musakhutire ndi kudziwa kutayipa kalata kapena kutumiza zithunzi pa WhatsApp. Pemphani aphunzitsi anu kuti tsiku lina akuonetseni zimene zimaoneka munthu akadina F2 kapena Delete kompyuta ikungoyaka kumene, ndipo muwerenge mofatsa musanasinthe kanthu. Safunsa anadya phula. Sukulu yanu ikalandira makina, funsani ngati maloko a eni ake akale achotsedwa. Mapasiwedi ndi makiyi apadera alembedwe m'buku losungidwa mwachinsinsi ndi anthu awiri odalirika, osati m'mutu mwa munthu mmodzi amene mawa angathe kusamutsidwa. Chilichonse chamtengo wapatali, kaya ndi zotsatira za mayeso, kaya ndi zithunzi za banja, chikhale m'malo awiri osiyana. Ndipo musadikire tsoka kuti mudziwe ngati chosungidwacho chimatseguka. Mlimi wanzeru amayesa mbewu yake mvula isanagwe.

Enanu pitirirani pamenepa. Yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014, imaphunzitsa za makompyuta ndi chitetezo chake. M'boma lathu lomwe lino la Dowa, achinyamata othawa nkhondo a ku Dzaleka akhala akuphunzitsana kulemba mapulogalamu, ngakhale ali ndi zipangizo zochepa. Pamene sukulu inafika kuno ndi mishoni ya Mvera, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1889, makolo athu sanangolandira mabuku n'kukhala pansi. Ena mwa iwo anaphunzira mpaka anakhala aphunzitsi, nakatsegula sukulu m'midzi ya kutali kumene amishoniwo sakanatha kukhalako. Makina a lero akufuna mtima womwewo. Dziko likusowa ana ake amene angatsegule bokosi, kumva kaliridwe ka makina n'kudziwa chimene chavuta, kulemba ndi kuyesa firmware, ndi kusunga makiyi a boma mokhulupirika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tikapanda kuphunzira zimenezi tidzakhala tikugula makina ndi ndalama zathu, koma tsiku limene adzakane kudzuka tidzayenera kudikira mlendo kuti adzatitsegulire.